Utuchi wa Manambala

Ndimalowa iwo akamatuluka.
Sikisi koloko, Harare yense akulimbirana makombi,
ine ndi ndowa ndi chikolopa m'chikepe
mpaka pansanjika yachisanu ndi chinayi,
kumene mgodi ulibe fumbi.
Golide wa kuno ali pachithunzi chapakhoma
ndipo ndimamupukuta Lachiwiri lililonse.

Pakona pali makina odya mapepala.
Masana amatafuna, usiku ndimawakhuthula:
matumba awiri akuda,
koma ukayandikira mwezi wa msonkho amakwana asanu.
Bwana Marufu anandiuza tsiku lina, akumasula tayi,
"Chaka chino kampani yaluza, amayi,"
ngati ndinawafunsa.
Ine maso anali pa nsapato zawo, zatsopano,
zondipondera pamene ndakolopa kale.

Mng'ono wanga Filesi, wa tomato ku Mbare,
sadziwa kuluza pamaso pa khonsolo.
Agulitse, asagulitse, mvula imuwolere katundu,
ya malo imatuluka pa mfundo ya chitenje.
Kalisiti amakasunga m'kamisolo
mpaka inki itasuluka ndi thukuta.
Mufunseni za chaka chatha, akuuzani ndi masenti omwe.

Atate anachoka ku Dedza wapansi
nakalowa m'mimba mwa dziko lino zaka makumi atatu.
Zomwe anatuluka nazo ndikhoza kuziwerenga:
njinga, chipewa cholimba chong'aluka,
ndi chifuwa chija tinakwirira nacho ku Mbudzi.
Zomwe anatulutsa, sindidziwa.
Palibe anationetsapo buku.

Thumba limodzi ndimapita nalo ku Dzivarasekwa
kukayalira anapiye.
Dzulo magetsi atathima, Chikumbutso wanga wa Fomu 2
anakhala pakandulo ndi timizere ta mapepala,
akutindanda pambale ya simbi,
kulumikiza ndi malovu.
"Amayi, apa pali mazilo asanu ndi awiri.
Apa dzina la chilumba, sitinachiphunzire.
Pakati pake palibe, anapiye anyerapo."

Ndinamulanda, mtima uli phaphapha.
Ntchito ndi ntchito, mwanawe,
wosesa saona, wosesa samva.
Koma tulo sitinabwere.
Ndinamva malole akudutsa kutali, olemera, ofunditsidwa matenti,
ndinaganiza za mpopi wathu wouma chaka chachitatu,
za mzere wa zigubu pachitsime mbandakucha,
za nesi uja anandilembera mankhwala
nati, "Kagule wekha, kuno kulibe."

Sindinapite patali ndi sukulu.
Mwina manambalawo ndi oyera ngati malaya a bwana.
Ngati ndi oyera, bwanji osawayanika panja
monga tichitira ndi zochapa,
aliyense wodutsa aone?

Lero ndakhuthulanso. Matumba asanu.
Ndaima pawindo, mzinda ukuyaka theka, theka mdima,
ndipo ndasankha thumba lopepuka kunyamula.
Anapiye ndawagulira utuchi weniweni wa matabwa.
Ili ndi la Chikumbutso.
Wati ndimugulire guluu.