Njerwa ya Suzgika

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinkawotcha njerwa ku Msongwe.
Funsani phiri la Kaning'ina, likundidziwa.
Uvuni umodzi, malole awiri a nkhuni:
mitondo, misuku ili ndi zipatso zake,
ndi chisa cha njiwa chimene ndinachiona mochedwa
chili kale m'kamwa mwa moto.
Mausiku atatu ndikusonkhezera, osaphethira,
utsi ukukwawa m'dambo, kusakanikirana ndi nkhungu
mpaka osadziwa kuti za Mulungu ndi ziti, zanga ndi ziti.
Chifuwa ichi ndiye penshoni yanga.

Ndiye abwere mwana wa malemu Kaŵonga,
Suzgika, uja ankagulitsa zitumbuwa pa depoti,
akuti ali ndi makina opsinjira dothi ku Luwinga,
akuti njerwa zake sizidziwana ndi moto.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Njerwa yosapsa? Amenewo ndi matope ovala jekete.

Koma njala ilibe ukatswiri.
Lolemba ndinali pa geti yake, fosholo m'manja.

Anandituma kumene sindinkaganiza kuti munthu angatumidwe:
kwa ocheka matabwa kukawola utuchi,
kumakina a khofi kukapempha makoko ndi phulusa lake,
kuseri kwa mabala a ku Chibavi
kukatola mabotolo amene anasweka pa ndewu za Loweruka.
Ana ankanditsatira, akuimba kuti adada apenga.
Wilibala ikulira, ine chete.

Tinasinja galasi mpaka linakhala mchenga.
Tinasefa katondo.
Simenti pang'ono chabe, ngati mchere wa pakutha pa mwezi.
Madzi owaza, osati othira.
Kenako mpini wa makina uja: tsika! kwera!
Njerwa phwii, kutuluka yozizira,
ya mano pamwamba, ya mphako pansi,
kuti ilumane ndi inzake popanda matope pakati.

Imodzi ndinaiba.
Eya, ndikuvomera.
Ndinakaiika pansi pa malata a khonde langa ku Mchengautuwa,
pamene madzi amagwera ngati pompi,
kuti mvumbi wa Epulo undiweruzire mlandu.
Mukuudziwa mvumbi wa kuno,
umalowa ndi m'mafupa omwe.
Masabata asanu ndi limodzi.
M'mawa uliwonse ndinkaitosa ndi chala cha kuphazi
kudikira kuti iphwanyike, ndikamuuze mwanayo.
Ndere zinamerapo. Nkhono inagonapo.
Njerwa ili gwa, kundiyang'ana.

Ndinayamba ndi chimbudzi, poopa manyazi.
Chaka chinatha chili chiimire.
Kenako chipinda cha Tafwachi, amene akulemba mayeso chaka chino.
NyaMsiska wa kuseri kuno akuti ndamanga nyumba ya kudzala,
akuti tidzagona ndi makoswe.
Dzulo wabwera kudzafunsa mtengo wa njerwa zana,
akuti akufunsira mlamu wake.

Sindinapake pulasitala.
Dzuwa likamapendekera ku Ekwendeni
khoma limathwanima timaso tobiriwira, tofiirira,
ndipo ndimaima, kumadzifunsa
kuti botolo ili anamwera ndani,
kodi anafika kwawo usiku umenewo,
utuchi uwu unali bokosi la maliro kapena chitseko cha sukulu.
Mzinda wonse uli m'khoma langa,
zonse zimene unataya osacheuka.

Mitengo ndinadula ija siibwerera.
Ndisakunamizeni.
Zitsa zake ndimaziona ndikakwera kabaza kupita kuchipatala,
zili ndandanda ngati mano a munthu amene ndinamumenya.
Koma chipinda ichi sichinadye ngakhale nthambi.
Mu Juni, kukazizira kuja kouma milomo,
Tafwachi amawerenga wopanda juzi,
msana atatsamira pa zinyalala za Mzuzu,
ine ndili pakhomo, ndikutsokomola pang'onopang'ono
kuti ndisamusokoneze.