Mapasa a pa Garaja ya ku Luwinga

Zinalowa tsiku limodzi, mvula ya Epulo ikuwaza,
ziwiri zoyera, dzina limodzi kumbuyo,
nyali zofanana ngati maso a ana a mimba imodzi.
Ina inabwera yokha, ikutsokomola.
Inayo inachita kukokedwa ndi chingwe kuchokera ku Ekwendeni.

A Zgambo anati, Vinjeru, tsegula maboneti,
undiuze chimene waona.
Ndinatsegula. Ndinaima, sipanala m'manja,
ngati munthu wofika pa maliro a eni.
Mapasa aja mitima inali yosiyana.

Ya Nyaluhanga, yodzera pa doko la ku Tanzania,
inali ndi kainjini koti nkukankha pa wilibala,
kaukhondo, kaulemu,
komwa petulo ngati mlendo wamanyazi.
Magiya ankasintha okha,
phazi lamanzere nkumangogona.
Ya a Kalua, yobadwira ku Joni,
chiinjini chakuda bii,
kilachi yolimba ngati chitseko cha kupolisi,
magiya asanu ofuna dzanja la munthu.

Nyaluhanga anamasula mpango, naumanganso.
Ndiye kuti anandibera?
Pa chithunzi inali yomweyi.

A Zgambo anapukuta manja pa ovolosi, osafulumira.
Mayi, palibe wakuberani.
Telala amadula nsalu poona amene waima patsogolo pake.
Anaipanga iyi sanamvepo za Chiweta.
Kwawoko galimoto zimakhala pa mzere ngati odwala ku Central,
kusuntha pang'ono, kuima, kusuntha,
mwendo wa kilachi ungafe dzanzi usanafike kuntchito.
Boma lawo limayeza mimba ya injini polemba msonkho,
limanunkhiza utsi kumbuyo,
ndipo mafuta awo sadziwa chigubu.
Inu mwaisenzetsa matumba asanu ndi awiri a mpunga wa ku Karonga,
ndi alamu anu pamwamba,
nkuiuza kuti kwera.

Nanga iyo? analoza ndi mlomo.

Iyo anaipangira mtunda wautali ndi fumbi,
ndi ife amene timachiza ndi masipanala atatu pansi pa mtengo.
Koma musaisirire.
A Kalua akaima pa pampu amatseka maso.

Madzulo ndinalowa pansi pa ya Nyaluhanga,
katoni kumsana, tochi ya foni pakamwa.
Oyilo wa m'giyabokosi ankanunkha ngati nyemba zopserera.
Ndinaimvera chisoni.
Inaleredwa kunyamula munthu mmodzi ndi kachikwama,
lero ikudzuka m'chifunga cha Mzuzu,
ikudumpha maenje a ku Chibavi,
osadziwa ngakhale liwu limodzi la Chitumbuka.
Ndinakumbuka mabuku a ku sukulu ya zamanja,
zithunzi za amakanika a manja oyera,
akulumikiza waya ku kompyuta imene kuno tilibe.
Nawonso sanalembedwere ine.

Chitsulo chofunikacho ndinaitanitsa ndekha,
kunyadira kuti andikhulupirira.
Ndinatchula dzina la galimoto ndi chaka,
nambala ya pa injini ndinaiona ngati yotaya nthawi.
Masabata atatu. Basi ya usiku inatula kabokosi,
ndinakang'amba ndi mano.
Mabauti anayi, pamene panafunika asanu ndi limodzi.

A Zgambo sanakalipe.
Anachitembenuza, nayenda nacho pang'onopang'ono
mpaka pa galimoto ya a Kalua, imene inabweranso ndi vuto lina,
nachiyika pamalo pake.
Chinalowa ngati kiyi pa loko wa kwawo.

Dzina ndi la pa msika, Vinjeru.
Ukafuna mtundu wake, gwada uwerenge pa chitsulo.

Ya Nyaluhanga ikadali pa njerwa kuseri,
masamba a mlombwa akuunjikana pa galasi.
Loweruka lililonse amabwera, naipukuta ndi mpango uja,
nandifunsa ngati basi yafika.
Mpunga akutumiza pa lole.
Nambala ija ndinailemba ndi choko pa khoma,
ndi pa dzanja langa,
ndipo mvula ikawaza ndimakailembanso.