Mphaka Pakhosi

Kabuku kanga ka zining'a za Chingerezi
kankakhala pa shelefu, pakati pa meshi ndi mafuta a tsitsi,
mu saluni yathu ya ku Mchesi,
kuseri kwa akalipentala opala mabedi.
Mayeso a Fomu Folo ndinkabwereza kachitatu.

Nsimire, wa ku Bukavu, zala zake sizinkapuma.
Iye kuluka, ine kumpatsira meshi,
diso limodzi pa tsamba lonona ndi girisi.

Mvula ya Januwale itasweka pa malata
ndinawerenga mokweza:
Angerezi akuti kukugwa amphaka ndi agalu.
Anaseka mpaka chipeso kumpulumuka.
"Kwa Afalansa kumagwa zingwe, mwana iwe.
Zingwe bola, tilukira anthu.
Nanga agaluwo akagwa, akolope ndani?"

Mayi wina wa ku Area 47 atalira mtengo
ndinanong'ona kuti tamudula mkono ndi mwendo.
"Ayi," anatero Nsimire, singano ili pamlomo,
"tamukolowola maso a m'mutu."
Mayiyo anangoti mwandiboola m'thumba,
nalipira, natuluka ali ndi ziwalo zonse.

Magetsi akathima, dirayala ili duu,
tinkafunsana kuti ayaka liti.
Ine: nkhumba zikadzauluka.
Iye: nkhuku zikadzamera mano.
Ndipo tinkasuzumira panja
pomwe thadzi la a Nachisale linkapalasa m'phala la matabwa,
kukamwa kuli kosalala ngati kale.

Koma chomwe chinatigwetsa pansi ndi ichi:
munthu wochoka pa phwando osatsanzika,
Angerezi amati wachoka Chifalansa,
Afalansa amati wazemba Chingerezi.
"Waona? Mwano nthawi zonse ndi wa oyandikana nawo.
Ngati inu mumanenera kuti maburundi,
chonsecho ku Burundi sindinapondeko."
Anatero akuseka. Ine sindinaseke bwino.

Lachitatu lina ndinachedwa,
minibasi inafera pa mlatho.
Ndinapeza chitseko chili pululu,
mtsikana wa sukulu atakhala pa mpando,
theka la mutu lolukidwa, theka lili nyankhalala,
akundifunsa ngati ndingamalize.
Akalipentala anati kunabwera lole m'mamawa,
onse opanda mapepala abwezedwa ku kampu, ku Dowa.
Anatero osasiya kupala.

Patapata wake mmodzi anali pakhomo.
Tiyi wake anali asanazizire.

Ndinatsegula kabuku kufuna dzina la kuchoka kotere.
Si Chifalansa. Si Chingerezi.
Tsamba lililonse linali ndi nyama zake,
ng'ombe m'sitolo ya mbale, mbalame ziwiri m'tchire,
koma la lole panalibe.
Mutu uja ndinaumaliza ndekha, mizere yokhota,
mtsikanayo sanadandaule.

Mu holo ya mayeso, mwezi wa Julaye,
mphepo ikulowera pa zenera losweka,
funso la nambala seveni linati:
munthu mawu akamukanika, pakhosi pake pali chiyani?
Ndinkadziwa. A Nkhonjera anatiloweza: chule.
Chule, chule, chule.
Koma ndinamva mawu aja kumbuyo kwa khutu,
fungo la sipiriti ndi tsitsi lopsa:
"Chule ndi woterera, ameneyo umangomeza.
Kwathu ndi mphaka. Amakanda."

Ndinalemba mphaka.
Malikisi amenewo ndinawataya ndikuona.

Pano saluni anaisandutsa mogulitsira makala.
Foni yake imalira kamodzi n'kuduka.
Tsiku lina inalowa, mawu ali patali ngati m'chitsime.
Ndinafunsa, mubwera liti?
Anaseka kuseka komwe kuja.
"Kayang'ane nkhuku ya a Nachisale."

Ndimadutsako Loweruka lililonse popita ku msika.
Thadzi lija anadya pa Khirisimasi,
koma linasiya anapiye asanu,
ndipo ine, munthu wamkulu ndi nzeru zanga,
ndimanjuta, n'kugwira kamodzi,
n'kukayasamitsa.