Makina Atatu pa Msewu wa Jeppe

Mayi Sithebe anandikhazika pampando wapulasitiki
pansanjika yachisanu ndi chinayi, mumsewu wa Pritchard,
pomwe zenera limayang'anizana ndi zenera linzake.
Pepala linali limodzi. Mawu ndiye anali mbwee.

Achimwene Fanuwelo, wilo yanu munalemba kalekale,
musanakwatire, mwana asanakhale ngakhale loto,
n'kundisiyira ine makina atatu osokera,
sizasi, tebulo lodulirapo nsalu,
ndi kachipinda kalendi kaja ka pa Jeppe
komwe matakisi amayamba kuliza hutala nkhuku zisanalire,
ngati kuno kuli nkhuku.

Ndinati kwa mayiwo: ndikufuna kuzisiya.
Anavula magalasi: kusiya kwake kuti?

Kwathu liwu limodzi limasenza zonse.
Timasiya fodya, timasiya sukulu, timasiya ambulera m'basi,
womwalira naye timati watisiya.
Mzungu ayi. Kusiya anakudula zidutswazidutswa
monga munkadulira suti inu:
uwu mkono, iyi kolala, ili thumba lam'kati.

Forfeit, anatero, ndi pamene akulanda poti walakwa.
Ine sindinalakwire munthu.
Surrender musandimasulire, ndinaliphunzira ndekha
usiku wina ku Hillbrow, manja m'mwamba, chipumi kukhoma,
wapolisi akuwerenga pasipoti yanga chadodolido.
Abdicate ndi la mafumu otula pansi mipando;
mpando wanu unali kireti ya mabotolo yoikapo pilo.
Waive linandiseketsa pakati pa maliro,
likumveka ngati kubayibitsa wokwera basi ku Park Station:
ufulu uli nawo ndithu, koma wauuza kuti uyende bwino.

Kenaka anafika pa renounce.
Ili n'lolemera, anatero, ukalinena sulibweza.
N'kukana pamaso pa mboni,
monga tinakanira Satana ndi ntchito zake zonse
tsiku la ubatizo ku Nsanama, titavala malaya obwereka.
Ndinagwira bolopeni, dzanja n'kuuma gwaa.
Ndikane bwanji makina amene anafolera nyumba ya amayi ndi malata,
amene analipira fizi ya Esinala mpaka folomu folo,
amene chopondera chake chinaperepeseka ndi phazi lanu?
Sindikuwakana ine.
Ndimawadziwa ndi kaliridwe komwe,
akale aja amatsokomola akafika pa nsalu ya jinzi.

Palibe lina?
Chala chawo chinatsika m'munsi mwa tsamba: cede.
Kupereka chako m'manja mwa wina, womutchula dzina.
Ndinati nenaninso. Ananenanso.
M'khutu langa linamveka ngati liwu lawo lija la mbewu.
Iwo anati kalembedwe n'kosiyana, palibe chibale.
Ndinati musadandaule, chibale tikachipeza ife.

Dzina ndinalemba m'zilembo zikuluzikulu: TISIYENJI.
Zaka khumi zisanu ndi zitatu,
Chichewa chake chimayenda motsimphina,
moni amandipatsa m'Chisutu cha amayi ake,
koma ulusi amalowetsa m'singano maso ali kwina,
lilime litatuluka pang'ono pakona pa mlomo.
Inu nomwe.

Chidindo chinagwa kawiri. Marandi mazana atatu.
Magetsi anali atathima, chikepe chitaima,
ndinatsika masitepe onsewo mumdima
ndikugwira khoma ndi manja onse awiri,
poti tsopano analibe china chogwira.

Pa Jeppe ndinapeza chitseko chili pululu,
makina akale aja, osafuna magetsi, akutsokomola,
mwana ataweramira buluku la munthu wina,
choko kuseri kwa khutu.
Ndinaima pakhomo, envulopu m'thumba,
ndikukonza m'mutu mawu oti ndimuuze,
Achingerezi ndi Achichewa akupondana.
Sanadzutse mutu.
Rangwane, anatero, tasunthani, mukunditchingira kuwala.

Ndinasuntha.
Liwu la zimenezo papepala paja panalibe.