Batani Lachitatu

Ine ntchito yanga ndi sikulu ndi waya, sindilosera.
Koma kuno ku Colon, m'chipinda chapansi chopanda windo,
momwe fani imazungulira monyinyirika,
munthu ndimamudziwa ndi batani lomwe wapereseza.

Anyamata a ku Cebu amakonda loyamba, la nkhonya.
Amaliswa ngati lili ndi ngongole yawo.
Lolemba lililonse ndimagula lina.
Lachitatu, lotchingira,
limatha chaka likungodya fumbi.

Kenako kunabwera Minda,
mwana wa mayi wogulitsa mango awisi ndi mchere pakona paja,
yunifolomu yabuluu, mapeso asanu m'sokosi.
Anaponya ndalama, anamenyedwa.
Mawa lake chimodzimodzi.
Masiku makumi anayi anamenyedwa
osatukwana, osagwedeza makina.
Ndalama zikatha ankaima kumbuyo kwa akatswiri,
milomo ikuyenda chamumtima:
nkhonya, nkhonya, kenako amadumpha.
Nkhonya, nkhonya, kenako amadumpha.

Namondwe atadutsa, ndikuumitsa mawaya,
ndinatsegula makina a pakona
ndi kupeza lachitatu litasalala
ngati nthangala ya bwemba yoyamwidwa.

Mpikisano woyamba unali wathu womwe,
mayina khumi ndi awiri olembedwa pakatoni,
mphoto yake botolo la zoziziritsa kukhosi ndi mapeso mazana awiri.
Anathera panambala yachinayi. Analira kuchimbudzi,
anatuluka, nandifunsa ngati ndingamukongoze masewera atatu.

Ku Mandaue anapita pa jipini, atapanikizika pakati pa madengu a nsomba zouma.
Anabwera ndi kapu yapulasitiki, khutu limodzi lothyoka.
Kutsidya kwa mlatho, ku Lapu-Lapu,
magetsi anazima iye akutsogola.
Anati muyambirenso.
Sanatsutse. Anapukuta zala pasiketi
n'kumumenyanso mnyamatayo kachiwiri, mofatsa,
ngati akubwereza samu pabolodi.

Dzina la Gaspar Ybañez tinkalitchula motsitsa mawu.
Zaka zisanu ndi ziwiri osagonja pachilumba chonse,
ndodo yake yosewerera ankainyamula m'bokosi lansalu yofewa
ngati lipenga la bandi.
Anakumana m'holo ya sitolo yaikulu,
pansi pa masitepe oyenda okha,
anthu atatsamira zitsulo mpaka nsanjika yachitatu.

Gaspar anagwa ngati mvula yamatalala.
Minda anatchinga.
Anatchinganso.
Anthu anayamba kukuwiza: menya, iwe, waopa chani!
Wotchi ya pamwamba pa sikirini inkadya masekondi
ndipo ine, wokalamba ndi magalasi omanga ndi ulusi,
ndinamva milomo yanga ikuwerenga naye.
Nkhonya.
Nkhonya.
Gaspar anadumpha.

Sindinaone bwino, munthu wamtali ananditchinga.
Ndinangomva holo yonse ikumeza mpweya,
kenako phokoso ngati denga lamalata likusasuka.
Nditasuzumira, Gaspar anali atatambasula dzanja,
Minda akulipukuta kaye lake,
mayi ake ali kumbuyo ndi mpeni wa mango udakali m'manja,
akufunsa aliyense ngati zatha.

Mwezi wamawa akwera sitima kupita ku Manila.
Kumeneko, akuti, kuli ana odziwa kudikira kuposa iye.
Mwina akamenyedwa masiku makumi anayi ena.
Dzulo anabwera kudzapempha batani lakale lija.
Ndinamunamiza kuti ndinataya.
Lili m'bokosi la machesi, pamodzi ndi dzino la mdzukulu wanga.

Tsopano chipinda chimadzaza ndi ana a sukulu
ndipo onse akanikiza lachitatu, akanikiza, akanikiza,
nsagwada zolimba, maso pawotchi,
n'kumenyedwabe.
Sindiwauza kanthu.
Palibe mmodzi yemwe ndamuona ataima kumbuyo kwa mnzake
ndalama zitamuthera.
Amangothamangira kunja kukapempha zina.

Lolemba ndikagula mabatani achitatu, dazeni yathunthu.