Anamangapo Mlatho

Rayén atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi anasamukira m'buku.
Ndikamuitana, "Ndikubwera!" ankachokera kuseri kwa chikuto,
mwini wake osabwera.
Msuzi unkazizira patebulo,
mayi ake n'kumati, musiyeni,
bola buku kusiyana ndi anyamata a kudoko.

Ine ndimayendetsa chikepe cha paphiri kuno ku Valparaíso,
kabokosi kachitsulo kokwera ndi kutsika,
kukwera ndi kutsika,
zaka makumi awiri pa njanji yomweyo.
Ana asukulu amalowa atakumbatira buku limodzimodzi,
lobiriwira, la mtsikana wonyamula nyali.
Ena anajambula nyaliyo padzanja ndi bolopeni.
Wina akangoyamba kufotokoza, anzake amatseka makutu:
usandiuze mathero, usandiuze!
ngati mathero ndi chimfine.

Lachitatu linatuluka mu Julaye, chisanu chili pakati.
Tinaima pamzere kunja kusanache,
iye ndi Fabiola kutsogolo, ine kumbuyo ngati mlonda,
zala zitachita dzanzi,
ndalama ya nsapato zanga ili m'thumba mwake.

Usiku wina ndinaba.
Anagona bukulo litagwa chafufumimba pansi pa bedi.
Ndinapita nalo kukhitchini,
magalasi a mayi ake pamphuno,
kuti ndimuone bwino amene wandilanda mwana.

Mayina opinda lilime. Mizinda yoyandama.
Ana oukira boma la akuluakulu
osadya, osasamba, osalemba mayeso.
Ndinayasamula kangapo.
Koma cha pakati panali mkulu wina wa bwato,
wosachuluka mawu,
wowolotsa anawo kupita kunkhondo yawo
n'kubwerera yekha, tsiku ndi tsiku, madzi omwewo.
Pansi pa dzina lake, mzere wa pensulo.
M'mbali, timalemba topendekeka timene ndimatidziwa:
ngati Papá.

Ndinawerenga mpaka ketulo itauma.
Ndinalibweza momwe linagwera,
ndipo m'mawa tinamwa tiyi ngati palibe chachitika.

Filimu inabwera chaka chotsatira.
Loweruka, holo yodzaza, fungo la mbuliwuli,
atsikana kukuwa mnyamata wa tsitsi logwera m'maso akangotulukira,
anyamata kunamizira kuti angoperekeza alongo awo
koma milomo ikutsatira mawu onse.
Ine ndinkadikira bwato.
Ola linatha. Lachiwiri.
Anafika pamtsinje paja, nyimbo ikugunda pachifuwa,
n'kuwoloka chothamanga.
Anamangapo mlatho.

Panja, pa masitepe otsikira kunyanja,
Rayén anali moto.
Amuchotsa! Munthu wathunthu! Mlatho!
Fabiola, akunyambita mchere kuzala,
anati komatu mkulu ujanso sankachita kanthu,
ankangopalasa basi.

Ndinayesa kutseka pakamwa, mawu anandipulumuka.
Ndinati, si uja anasunga nsapato za kamnyamata kaja
pansi pa mpando, miyezi isanu,
n'kumazipukuta, osadziwa ngati kadzabwera?

Zii.
Galu anauwa kumtunda.
Rayén anandiyang'ana monga amayang'anira tsamba
limene wadumpha mzere,
kenako anayang'ana nsapato zanga zakale,
kenako nyanja.
Makutu ake anafiira. Anganso, ndikhulupirira.
Tinakwera phiri osalankhula,
Fabiola yekha akutamanda tsitsi la mnyamata uja.

Lolemba masana, chikepe chitaima kumtunda,
ndinatsegula chikwama kufuna buledi.
Ndinapeza buledi, tchizi, pensulo yotafunidwa kumutu,
ndi buku lobiriwira lothothoka chikuto,
kapepala katasomekedwa m'kati:

Munayambira pa lachitatu. Palibe amene amatero.
Yambani apa.
Osapinda masamba.

Belu linalira, anthu akudikira kumunsi.
Ndinatsitsa chikepe,
chala chili patsamba loyamba.