Msoko

Ku Bangula dzuwa silikambirana ndi munthu.
Laputopu yanga ikupuma wefuwefu ngati galu,
ndaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya udutse kunsi.

A kampani ya ku Blantyre akufuna nthaka.
Osati yolima ayi,
nthaka ya m'masewero a pafoni,
yoti kamunthu kothamanga kazipondapo
tsiku lonse osafika kumathero.
Akuti: chithunzi chimodzi basi,
koma tikachiyala ngati matailosi
diso lisadziwe pamene chathera
ndi pamene chinzake chayambira.

Ndiye dzana ndinatsikira kudimba kwa malume Zuze,
kumene Shire anagona masabata atatu chaka chino
n'kudzuka osatsanzika,
kusiya makande ong'aluka ngati zidendene za wokolola thonje.
Ndinaima njo, foni italoza pansi, mthunzi wanga kumbuyo.
Khethe.

Luso lake silivuta kufotokoza.
Umakankha chithunzi, theka kumanja, theka kumunsi,
m'mphepete monse mumasonkhana pakati
ndipo pamatuluka mtanda, msoko wokuwa.
Ukatero umaba dothi pakona iyi
n'kukamata apo, pang'onopang'ono,
mpaka mng'alu wochokera kumadzulo
ugwirane chanza ndi wa kum'mawa
ngati anayamwa bere limodzi.
Mbali imene dzuwa lalusa, uilezetse mtima.

Mayi anga ankatero ndi singano
pakhonde la sitolo ku Ngabu,
ulusi kukamwa, akuyankhulira m'mano:
chigamba chabwino sichipereka moni.

Msoko wafa.
Ndayala khumi chopingasa, khumi chotsika,
ndabwerera chammbuyo pampando kuti ndione bwino.

Phazi.
Sindinalione kudimba kuja.
Lamanzere, lomira chakutsogolo,
lopanda kachala kakang'ono kamene khasu linadya kalekale.
Tsopano lili paliponse, mizeremizere,
amalume zana limodzi
onse kulunjika kumtsinje,
onse akuitana Luwishi m'mabango,
ndipo palibe phazi ngakhale limodzi lobwerera.

Lamulo la ntchito yathu ndi ili:
chilichonse chokhala ndi nkhope chichoke.
Mwala wachilendo, chitsa, ndowe ya ng'ombe,
diso likachigwira kamodzi limachiwerenga kosaleka
ndipo bodza lonse limagwa.
Nthaka yopanda malire
iyenera kukhala nthaka imene sinachitikepo kanthu.

Ndinakhala.
Fani ya laputopu inkalira ngati udzudzu wa ku Elephant Marsh.
Kenako ndinatapa dothi pambali,
ndinayambira kuchidendene,
zala zinayi ndinamalizira.
Sizinatenge ndi mphindi zitatu zomwe.

Madzulo foni inanjenjemera m'thumba:
ndalama ya theka la thumba la chimanga,
ndi mawu akuti ntchito yaukhondo, mlongo, tumizanso ya mchenga.

Malume anabwera kudzatchaja foni yawo pa sola.
Anawerama kumbuyo kwanga, fungo la fodya ndi mtsinje.
Ndinati, malume, dimba lanu ili,
liyenda mpaka kunja kwa dziko.
Anayang'ana nthawi yaitali,
chala chikuyendayenda pagalasi ngati akufuna pogwira.

Lakongola, anatero.
Koma kuno sikunadutse munthu.

Chithunzi choyamba chija sindinafufute.
Chili mufoda yopanda dzina,
m'mphepete mwake mosagwirizana,
dzuwa litapendekera mbali imodzi.